Mlonda wa Gulu Lathu la Baibulo

Tsiku limene ndinafika ku yunivesite ndinapeza mtsikana wamfupi, wochepa thupi, atakhala pa sutikesi yake pakati pa chipinda chimene anatipatsa ku hositelo. Sanamasule kanthu kalikonse. Ankadikira ine.

"Achemwali, pepani," anatero tisanadziwane n'komwe. "Bedi lapansili mungandisiyire?"

Mabedi ake anali osanjikiza aja, lina pansi lina pamwamba. Ine thupi ndili nalo kuyambira kale, ndipo zokwera makwerero tsiku ndi tsiku sindinkazifuna. Ndinaseka n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wopepuka ngati nthenga. Ine ndikakwera pamwambapo matabwa adzathyoka, udzafa imfa yochititsa manyazi."

Iye sanaseke. Anangondiyang'ana. "Chonde," anatero.

Ndinamusiyira.

Masabata oyambirira ndinaona kuti mnzangayu anali ndi timakhalidwe take. Posamba sankakhoma chitseko cha bafa, ankangotsekera ndi ndowa. Akafuna tiyi ankadikira kuti ine ndiwiritse madzi, iye ali chapatali. Pamsewu ankayenda chakukhoma, kutali ndi magalimoto. Ankavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo tsiku lina akusintha ndinaona chipsera chachikulu chosalala pa mkono wake wamanzere. Sindinafunse. Ankaphunzira uphunzitsi wa masamu, ndipo mutu wake unkagwira kwambiri, moti ndinangoti anthu anzeru amakhala ndi zawo.

Tonse tinali Akatolika, choncho tinalowa gulu la ophunzira lophunzira Baibulo. Tinkakumana Loweruka masana m'kalasi ina pamwamba pa layibulale. Tinkakoka madesiki n'kupanga bwalo. Pakati tinkaika tebulo, n'kuyalapo nsalu yoyera, kandulo, kamtanda ndi Baibulo lalikulu lachikuto chong'ambika. Mmodzi ankawerenga, tonse n'kukhala chete kwa kanthawi, kenako aliyense ankanena mawu amene amukhudza. Bambo Mfumu ankabwera mwa apo ndi apo chifukwa anali ndi parishi yoti aziyang'aniranso.

Mnzangayu nthawi zonse ankafika msanga n'kutenga desiki ya pafupi ndi chitseko. Wina akaitenga, iye ankalolera kuimirira. Anyamata sanachedwe kumupatsa dzina. "Mlonda, akuba akabwera utiuze," ankatero. Dzinalo linamumatirira mpaka aphunzitsi ena ankamuitana choncho.

Gululi ankalikonda kuposa chakudya. Sankalankhula kwambiri, koma akatsegula pakamwa anthu ankasiya kuseweretsa mafoni. Anandiuza kuti, "Kumeneku ndi kumalo koyamba kumene anthu amandifunsa zimene ndikuganiza. Kwathu amangondifunsa mmene ndadzukira."

Tanthauzo la mawuwo ndinalidziwa Lamlungu lina masana titachoka ku Misa. Ine ndinkasita siketi, iye akuwerenga pa bedi. Mwadzidzidzi anadzutsa mutu.

"Ukumva fungo la tayala likupsa?"

Ndinanunkhiza simbi. "Palibe chikupsa."

Anaimirira ngati akufuna kutuluka. Kenako anatulutsa mfuu imene sindinaimvepo kwa munthu, thupi lonse linauma gwa, n'kugwa pansi ngati thabwa. Miyendo ndi manja zinayamba kugwedezeka, mutu ukugunda simenti, maso atatembenuka, thovu likutuluka m'kamwa. Nkhope inada. Chimene ndinakwanitsa ndi kuzimitsa simbi ndi kukankhira pilo pansi pa mutu wake. Ndinkati wafa, ndipo ndinkaganiza kale kuti makolo ake ndikawauza chiyani.

Patapita kanthawi kugwedezeka kunatha. Anapuma mwaphokoso ngati munthu amene watulutsidwa m'madzi. Atatsegula maso sanandizindikire msanga. Anayang'ana denga, anayang'ana ine, anagwira siketi yake n'kupeza kuti yanyowa. Anatembenukira kukhoma.

"Waona," anatero motsitsa. "Ukafuna kusamuka chipinda, sindikudandaula."

Sindinasamuke. Madzulo ake tisanapite kukadya anandifotokozera zonse.

Bambo ake ndi telala. Matendawa anayamba ali ku pulayimale, tsiku lina akuthandiza mu shopu. Anagwera pa simbi yamakala, ndipo chipsera chija chinachokera pamenepo. Zitachitika kachiwiri ndi kachitatu, azakhali ake anabwera n'kuuza amayi ake kuti, "Mlamu, izi si za kuchipatala." Bambo ake atachokapo pa ulendo, azakhaliwo anamutengera ku nyumba ina ya mapemphero kuseri kwa msika. Kumeneko anamumanga manja ndi chingwe, n'kumugwaditsa pa simenti. Azibambo akuluakulu anamuzungulira, wina atamugwira mutu, akumukuwira m'khutu kuti, "Tuluka! Dzina lako ndani? Wakutuma ndani?" Ankamumwetsa madzi amchere, chakudya osamupatsa.

"Ndinayamba kupeka mayina," anatero Mlonda. "Ndinkangotchula lililonse kuti andisiye. Ndikatchula ankakondwera, n'kunena kuti zatsala zina."

Bambo ake atabwerako n'kumva, anapita komweko ndi sizasi yawo ya ntchito. Anadula chingwe, anamubereka kumsana ngakhale anali wamkulu kale, n'kupita naye kuchipatala osalankhula ndi munthu. Dokotala anati ndi khunyu, n'kumupatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku. Kugwa kunachepa, koma pakhomo kapu yake anaimanga ulusi wofiira pachogwirira kuti ana ena asamwere. Kusukulu anzake ankathawa benchi imene wakhalapo. Atasankhidwa kupita ku yunivesite, amayi ake anamugwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Mwananga, kumeneko sakukudziwa. Usauze munthu. Ukauza, sudzapeza mnzako, sudzapeza ntchito, sudzapeza banja."

Mapiritsi ankawasunga m'kabotolo ka mafuta odzola. Desiki ya pakhomo ija inali yoti fungo la tayala likangobwera, athamangire kuchimbudzi akagwere kosaoneka.

"Zikadzachitikanso undigoneke chammbali," anandilangiza. "Usandiike kanthu m'kamwa, usandipanikize. Zimatha zokha. Koma chachikulu, pasakhale wokuwa. Ndikadzuka munthu akukuwa, ndimaona ngati ndili kuseri kwa msika kuja."

Chaka choyamba chinatha bwino. Anagwanso kangapo, koma m'chipinda mwathu, ndipo ine ndinazolowera.

Chaka chachiwiri m'gulu lathu munalowa mnyamata wina wophunzira zamalamulo. Anali wamtali, wamawu ngati ng'oma, ndipo ankavala jekete ngakhale Loweruka. Tinamutcha Bishopu. Sanali munthu woipa. Mabenchi ankanyamula ndi iye, wina akagonekedwa m'chipatala woyamba kufika anali iye. Koma kupemphera kwathu kwachete kuja kunkamunyong'onya. "Mukupemphera ngati mukuopa kudzutsa mwana," ankatero. Tsiku lina mtsikana wina anadandaula mutu. Bishopu anadzuka, anamusanjika manja, n'kuyamba kukuwa kuti mzimu wa mutu utuluke. Ena anaseka, ena anavomereza ameni. Nditacheuka, desiki ya pakhomo inali yopanda munthu. Ndinakamupeza kuchimbudzi atakhala pansi, atatseka makutu, mano akugundana ngati wagwidwa ndi malungo.

"Tingosiya gululi," ndinatero.

"Ndikasiya nditsala ndi chiyani?" anandifunsa.

Anapitiriza kubwera, koma anasiya kulankhula. Bishopu akangokweza mawu, iye maso pa chitseko.

Mayeso atayandikira, zinthu ziwiri zinakumana. Kuchipatala kumene ankalandira mapiritsi anamuuza kuti atha, adzayesenso mwezi wamawa. Anayamba kuthyola otsalawo pakati kuti amufikitse. Tulo nato tinachepa chifukwa cha kuwerenga, chonsecho dokotala anamuletsa kuchezera. Ndiye Loweruka lina pomaliza msonkhano, tcheyamani wa gulu anati, "Sabata yamawa atitsogolera ndi a Mlonda. Akhala chete nthawi yaitali, tawasowa." Anthu anawomba m'manja. Powerenga tinkatsatira Uthenga Wabwino ndime ndi ndime, choncho panalibe kusankha.

Titafika m'chipinda anatsegula Baibulo kuti aone. Anawerenga pang'ono n'kulitseka. Anatsegulanso, n'kundipatsira. Inali nkhani ya bambo uja amene anabweretsa mwana wake kwa Ambuye, mwana amene ankagwa pansi, kuchita thovu, kukukuta mano, nthawi zina kugwera pamoto kapena m'madzi, ndipo Ambuye anatulutsa mzimu woipa mwa iye.

"Uwauze kuti wadwala," ndinatero.

"Ndikanena kuti ndadwala, Bishopu andifunafuna kuti andipempherere."

"Ndiye ine ndiwerenga m'malo mwako."

"Andifunsa chifukwa."

Sabata imeneyo sanadye bwino. Ankatenga supuni n'kuibweza. Ankangonunkhiza m'mwamba ngati galu wosaka, n'kundifunsa kuti, "Palibe chikupsa?" Ndikati palibe, ankafunsanso kuti, "Ukunena zoona?" Tsiku lina ali pawindo anandifunsa funso lina.

"Nanga ngati azakhali ankanena zoona? Si izi zalembedwa apa? Ine ndimalandira Ukaristia sabata iliyonse. Ngati muli chinthu mwa ine, ndiye kuti ndakhala ndikuwalowetsa Ambuye m'nyumba yotani?"

Ndinangoti, "Usamaganize choncho," koma inenso tsitsi linandinyerenyesa.

Loweruka lija kunagwa mvula yamphamvu kuyambira m'mawa. Mpira unalephereka, choncho anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ngakhale aja timangowaona pa Misa ya mayeso. Madesiki anachepa. Anyamata anabweretsa benchi yaitali n'kuipingasa pakhomo, anthu n'kukhalapo chitseko atatseka chifukwa cha mphepo. Mlonda monga wotsogolera anamukhazika pakati, pafupi ndi tebulo. Getsi limodzi la kudenga linkangothwanima. Ndinamuona akuyang'ana benchi ija, n'kuyang'ana ine. Ndinasuntha desiki yanga kuti ndimuyandikire.

Tinachita chizindikiro cha mtanda. Anawerenga. Anafika mpaka kumapeto. Titakhala chete kanthawi, anati, "Ine chimene chandikhudza ndi bamboyu. Akunena kuti amakhulupirira, komanso akuvomera kuti chikhulupiriro chakecho n'choperewera. Ndikuona ngati anali atatopa. Anali atayenda naye mwanayu malo ambiri."

Akanapitiriza, koma Bishopu anali ataimika kale dzanja.

"Abale, tisazembe nkhani," anatero. "Apa pali chiwanda. Masiku ano timachipatsa mayina a kuchipatala, timati khunyu, timati chiyani, koma Mawu anena poyera. Munthu wotere safunika mapiritsi. Amafunika kumasulidwa."

Mtsikana wina wophunzira unamwino, amene tinkangomuti Nesi, anati, "Ayi achimwene, khunyu ndi matenda a mu ubongo. Mankhwala alipo ndipo amagwira."

"Nanga bwanji sachira?"

"Shuga amachira? Nayenso ndi chiwanda?"

Anthu anaseka. Mnyamata wina wa pa benchi ija anati, "Kaya ndi chiyani, koma kwathu amati thovu lake likakukhudza watenga. Ine wotere akagwa apa, mundipeza kugeti." Anasekanso kwambiri. Wina anayamba kufotokoza za munthu wa kwawo amene anagwa pa ukwati wake womwe, akuyerekezera ndi manja mmene ankagwedezekera.

Ine ndinkayang'ana Mlonda. Anali atagwira zolimba m'mphepete mwa tebulo. Kenako mphuno zake zinatukuka. Anandiyang'ana, ndipo sindidzaiwala maso amenewo. Anaimirira n'kuyamba kulowera kukhomo.

"A Mlonda, simunatitsekere nkhani," anatero tcheyamani.

"Tandipatsani njira," anauza a pa benchi aja. Mawu anali ochepa, ndipo ndi phokoso la mvula pa malata sanamumve. "Chonde, njira."

Sanafike. Mfuu ija inatuluka, ndipo anagwa chagada pakati pa bwalo, mwendo n'kukankha tebulo. Kandulo inagubuduka n'kuzima.

Zimene zinatsatira zinali ngati m'kalasi mwalowa njoka. Madesiki anagwa. Atsikana anakuwa. A pa benchi aja anakankhana pofuna kutsegula chitseko chimene anachitchinga okha. Wina anadumphira pa desiki. Ndinamva mawu akuti, "Supuni! Mupatseni supuni aluma lilime!" ndi ena akuti, "Musamukhudze!" Pakona ndinaona foni itakwezedwa m'mwamba, ikujambula.

Ndinagwada, ndinavula juzi n'kuiika pansi pa mutu wake. Ndinayesa kumutembenuza koma ndinalephera. Nesi anafika, anakankha madesiki, n'kunena kuti, "Gwira phewa, ine ndigwira chiuno. Tidikire kaye kugwedezekaku kuchepe." Ataona kuti siketi yanyowa, anasolola nsalu yoyera ija patebulo, Baibulo n'kulipatsira tcheyamani, n'kumufunditsa.

Ndipamene Bishopu anafika. Anagwada kumutu, anamugwira pachipumi ndi dzanja lake lalikulu, n'kuyamba.

"Tuluka! M'dzina la Ambuye, tuluka mwa iye!"

"Achimwene, chotsani dzanja," ndinatero.

Sanandimve. Maso anali atatseka, thukuta likutsika, misempha ya m'khosi itatupa. Anzake awiri anabwera kudzathandizira, ndipo phokoso linadzaza chipinda.

"Ndati chotsani dzanja! Mukumupha!"

Kugwedezeka kunali kutatha. Tinamugoneka chammbali. Anapuma kwakukulu kuja, n'kutsegula maso. Chimene anaona ndi azibambo atamuzungulira, dzanja pamutu pake, ndi mawu akuti, "Dzina lako ndani?"

Analira ngati kamwana. Anadzikoka chokwawa, nsalu ikukwekwereka, n'kukalowa pansi pa tebulo. Anaphatikiza manja patsogolo ngati omangidwa. "Ndatchula kale," ankatero. "Ndatchula onse. Musandimwetsenso. Ababa! Ababa, bwerani mudzanditenge!"

Chipinda chonse chinati zii. Kunatsala mvula yokha. Bishopu anatsala chogwada, dzanja lili m'malere, kukamwa kuli yasa.

Nesi anatulutsa anthu onse. Ine ndinakwawira pansi pa tebulo paja n'kukhala naye, ndikumutchula dzina lake lenileni mobwerezabwereza, ndikumuuza kumene tili, mpaka anandizindikira. Tinatsika masitepe titamugwira uku ndi uku. Pansi anthu anali ataima m'khonde kuthawa mvula, ndipo anapatuka kutisiyira njira yaikulu kuposa imene tinkafuna.

Masiku otsatira sanatuluke m'chipinda. Chakudya ndinkamutengera. Tcheyamani anabwera kudzanena kuti foni ija anailanda n'kufufuta zonse mwini wake akuona, koma Mlonda sanakhulupirire. Akamva anthu akuseka m'khonde ankati akuonera iyeyo. Wina akagogoda ankathawira kuseri kwa chitseko. Nkhani inali itafalikira. Mtsikana wa chipinda choyandikana nafe anabwera kudzatenga ndowa yake imene tinkabwerekana, ndipo ndinamuona akuitsuka ndi sopo kawiri. Ena ankandifunsa ine monong'ona kuti, "Iwe sukuopa kugona naye chipinda chimodzi?"

Anaimbira foni kwawo. Makolo ake anafika Lachinayi m'mawa. Amayi ake atangolowa anayamba kupinda zovala n'kumaika m'sutikesi, misozi ili chuchuchu.

"Ndinakuuza mwananga. Tiye kwathu. Kwathu ngakhale akuseke, ndi anthu ako."

Bambo ake anakhala pa mpando wanga, chipewa chili pa bondo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa zala zokhala ndi zipsera za singano. Anadikira mpaka sutikesi itadzaza.

"Mayi ake, takhalani pansi," anatero. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Kuja ndinakubereka chifukwa unali womangidwa. Kuno sindikuona chingwe. Ukafuna kupita kwathu, unyamula wekha sutikesiyi, ine ndikutsata pambuyo. Ukafuna kutsala, ndikasoka diresi la tsiku lomaliza maphunziro. Nsalu ndinagula kale."

"Ababa, ndikuopa."

"Inenso ndikuopa. Chigwereni pa simbi paja sindinasiye."

Kenako Mlonda anatulutsa buku la masamu m'sutikesi muja n'kuliika pa tebulo. Amayi ake analira kwambiri kuposa poyamba, koma pochoka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, ndakusiyira m'bale wako."

Nesi anauza Bambo Mfumu za mapiritsi, ndipo iwo anamutengera Mlonda pa galimoto yawo ku chipatala china kumene anapezeka. Ali m'njira Mlonda anawafunsa funso lake lija la Ukaristia. Anandiuza kuti anaimitsa galimoto pambali pa msewu n'kumuyankha kuti, "Mwana wanga, ine ndakhala wansembe zaka zambiri. Ndikukuuza kuti ulibe chiwanda. Uli ndi matenda, ngati mmene ine ndilili ndi vuto la mtima. Lamlungu ubwere kutsogolo, ndikupatsa ndi dzanja langa." Anapitadi, ine ndili pambuyo pake.

Bishopu anabwera mayeso atatsala pang'ono kutha. Anyamata saloledwa kulowa ku hositelo yathu, choncho anatuma uthenga kuti ali pabwalo pamene timayanika zovala. Mlonda anakana. Bishopu anabweranso mawa lake. Ulendo uno Mlonda anatuluka, koma anaima kumbuyo kwanga atagwira malaya anga.

Bishopu analibe jekete. Mawu ake anali otsika moti ndinachita kutchera khutu.

"Achemwali, ndinali ndi mng'ono wanga," anatero. "Ankagwa ngati inuyo. Tsiku lina amayi anamutuma kukatunga madzi mu diramu kuseri kwa nyumba. Tinamupeza mutu uli m'madzi. Abusa ena anatiuza kuti tikanapemphera mwamphamvu sakanafa. Tsiku lija mutagwa, ine sindinaone inuyo."

Mlonda anandigwira mwamphamvu. Kenako anasuzumira pa phewa langa.

"Pepani za mng'ono wanu," anatero. "Ankamwa mankhwala?"

"Ayi."



"Ndamva," anatero Mlonda. "Koma musadzandikhudzenso pamutu. Ngakhale nditafa."

Bishopu anavomera ndi mutu n'kumapita.

Mlonda anabwerera ku gulu teremu yotsatira. Anthu anali atachepa. Ena anasiya chifukwa cha manyazi, ena chifukwa cha mantha, ndipo pa Misa panali ena amene nthawi yopatsana mtendere ankangomugwedezera mutu manja ali m'thumba. Bambo Mfumu anabwera Loweruka loyamba n'kupempha Nesi kuti aphunzitse gulu lonse zoyenera kuchita munthu akagwa. Amene anagona pansi kuti tiyeserere anali tcheyamani, ndipo mnyamata uja wothawira kugeti ndi amene anamutembenuza, anthu akuseka. Mlonda sanaseke, koma anakonza Nesi pa mfundo imodzi. Bishopu sanasinthe maganizo onse. Ankanenabe kuti pali matenda ena amene si a mapiritsi, ndipo ankakangana ndi Nesi mpaka kandulo kutha, koma sanakuwenso m'chipinda chija. Chaka chomaliza anasamukira ku gulu lina la mapemphero m'tauni. Akakumana ndi Mlonda panjira ankapereka moni ali patali, ndipo iye ankayankha, koma thupi linkauma mpaka atadutsa.

Anagwanso kamodzi ku gulu tisanamalize maphunziro. Tinamugoneka chammbali, wina anatseka mawindo kuti odutsa asasuzumire, ndipo tinadikira mwakachetechete. Atadzuka anafunsa kuti tinali pa vesi iti.

Pano amaphunzitsa masamu ku sekondale ina. Ntchito yoyamba anamuchotsa mwakachetechete atagwa pa msonkhano wa makolo, ndipo anakhala pakhomo nthawi ndithu asanapeze ina. Anakwatiwa ndi munthu wokonza magetsi amene anabwera kudzalumikiza mawaya kusukuluko. Anamuuza za matenda ake tsiku loyamba limene anamuperekeza, ali pa siteji ya basi, kuti ngati n'kuthawa athawiretu basi isanabwere. Apongozi ake aakazi mpaka lero sanamulandire ndi mtima wonse.

Mwezi watha ndinapita kukaona mwana wawo woyamba. Ndinapeza nyumba yonse yatsikira pansi. Matiresi ali pansi, poyamwitsa amakhala pansi atatsamira khoma, mapilo uku ndi uku. Mwana samunyamula ataimirira pokhapokha pali munthu wina. Amuna ake anali ku ntchito, ndipo mwanayo anali asanasambe chifukwa ankadikira kuti pabwere munthu.

Anayala thaulo pa simenti, anathira madzi ochepa kwambiri m'beseni, ongokwana kunyowetsa kansalu. Anamuvula kamwanako, kakuponya timiyendo.

"Khala apa," anandiuza, akuloza pafupi ndi bondo lake. "Ayi, yandikira. Manja ako akhale pansi pa mutu wake."

"Wamwa mankhwala?"

"Ndamwa. Khala pomwepo basi."

Anayamba kumupukuta pang'onopang'ono, kuyambira kumaso, m'khosi, m'khwapa. Kamwanako kanayetsemula, ndipo tonse tinadzidzimuka, kenako tinaseka. Atamaliza anamukulunga m'thaulo n'kundipatsira.

"Tamunyamula uyende naye panja," anatero. "Aone mitengo. Ine ndikutsatira."